Mlandu wa sewero usathere pa chigamulo

Ku London, ophunzira uloya akhala akutsutsana pa milandu yopeka ku Inns of Court kwa zaka mazanamazana. Ku Washington, yunivesite ya Georgetown inayambitsa Street Law mu 1972, ndipo David McQuoid-Mason anaifikitsa ku Durban m'ma 1980. Mu Street Law malamulo amaphunzitsidwa posewera, wina akhala wapolisi, wina womangidwa. Anthu a kumapiri a Dedza sangadabwe nazo. Zina mwa zojambula za m'mapanga a ku Chongoni zinali zolangizira anamwali, ndipo gule wamkulu amadzudzula khalidwe loipa polisewera poyera. Kuyambira mu 2000, a Paralegal Advisory Service akhala akuphunzitsa akaidi a pa rimandi ku Malawi mwa masewero: mkaidi amaimirira n'kupempha belo kwa mnzake amene wakhala majisitireti. Munthu woti wayeserera chotero saiwala msanga kuti womangidwa ayenera kuonekera kukhothi pasanathe maola 48.

Komatu sewero lokha silikwanira. Mipikisano ya makhothi oyeserera, monga umene yunivesite ya Pretoria imakonzera ophunzira a mu Africa, imafuna wopambana, ndipo kawirikawiri amawala ndi wa pakamwa pakuthwa. Bwalo la kwa Kachere kapena kwa Kaphuka limayang'ana kwina. Otsutsanawo mawa akumana kumaliro kapena m'malire a munda wa kachewere, choncho nduna zimafunsa mofatsa, kufuna chipepeso choti onse achilandire. Loya wa ku Malawi ayenera kudziwa zonse ziwiri, n'chifukwa chake wophunzira uloya wa ku Zomba aziyesedwanso pa zimene walingalira sewero litatha. Alembe podzifunsa kuti: Ndinamudula pati mboni? Mayi wamasiye wolandidwa munda m'seweroli anamva Chingerezi changa, kapena anangovomera mwaulemu? Masukulu ena a ku Britain ndi Australia amapereka malikisi pa zolemba zotere.

Ena ati wophunzira wochenjera angolemba zokomera mphunzitsi, kudzitsutsa kwa pakamwa chabe. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo pepala lokha silingaithetse. Apa ndi pamene bwalo lingatithandize, chifukwa kumeneko munthu salankhula kumbali. Wophunzirayo afotokoze maganizo ake pamaso pa anzake amene anasewera nawo, ndipo amene anakhala mayi wamasiye apatsidwe mpata womutsutsa ngati akudzikometsera. Mphunzitsi alembe malikisi atamva onse awiri.