Mwini Madzi Akasunga Mangawa

Munthu amene anaimapo pa mlatho wa ku Mfuwe m'mwezi wa February, naona Luangwa atafiira ndi matope, akukokolola mitengo yathunthu pamodzi ndi mizu yake, pamene Lupande wasefukira m'minda ya Akunda kufikira ngayaye zokha ndizo zitsala pamwamba, sangazizwe pakumva kuti mitundu ya anthu, kuyambira makedzana, inakhulupirira kuti madzi ali ndi mwini wake wodziwa kusunga mangawa.

Agiriki anamutcha Poseidon, ndipo lero ana athu amamva mkwiyo wake pa mafoni m'sewero la nyimbo lotchedwa EPIC, limene Jorge Rivera-Herrans wa ku Puerto Rico analitulutsa m'zigawo 9 kuyambira 2022 kufikira 2024, potsata nthano ya Homer. Mfumu Odysseus, pobwerera ku nkhondo ya ku Troy ndi zombo 12, inaboola diso la chimphona Polyphemus, ndipo m'malo mochoka mwakachetechete inafuula dzina lake modzitama, pomwe chimphonacho chinali mwana wa mwini nyanja. Kwawo ku Ithaca inakafika patapita zaka 10, ili yokhayokha, anthu ake onse atathera m'njira.

Tisafulumire kumuyesa chigawenga mulungu ameneyu, pakuti m'seweromo iye ndiye kholo lolakwiridwa, mwini mlandu amene sanalandire chipepeso chochokera pansi pa mtima. Ndipo namondwe wake amakumbutsa omvera kuti kudzikuza kwa mtsogoleri mmodzi kumalipidwa ndi miyoyo ya anthu wamba opalasa ngalawa.

Ifenso kuno sitisowa wotere. Pamene phiri la Zomba linagumuka ndi chigumula mu December 1946, anthu anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa mapiri chopita kunyanja. A Paseli Brothers anamuimba nyimbo, ndipo Steve Chimombo anamulembera ndakatulo zimene zinatuluka m'buku mu 1987. Ku Kariba nako, madzi ataononga ntchito yomanga damu mu 1957 ndi 1958, Atonga anati Nyaminyami, mwini madzi a kumeneko, wakwiya chifukwa khoma lamulekanitsa ndi mkazi wake.

Mwa ichi ndilakalaka kuti tsiku lina a gulu la zisudzo la SEKA, amene akhala akuphunzitsa midzi ya m'chigwa chino ndi nyimbo ndi magule, adzaimike mwini Luangwa pabwalo, pamaso pa mafumu ndi anyakwawa, kuti anene yekha mlandu wake: mitengo ya m'gombe imene tinaotcha makala, ndi minda imene talima kufikira pamlomo pa mtsinje. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Ndipo ndi bwino kuti mawu otere tiwamve pa ng'oma masana, tisanawamve usiku madzi ali pakhomo.