Mbozi ya pa ndimu ndi mbozi ya m'chimanga: zimene botolo limodzi lingaonetse mlimi

KATETE – Chimanga chikafika m'mawondo, alimi a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, m'chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia, amayendera minda yawo ali ndi nkhawa ya mbozi. Komabe si onse amene anaonapo ndi maso kumene mbozi imachokera, kapena kumene imapita ikakhuta. Pali ena amene amati imagwa ndi mvula.

Zoona zake n'zakuti mbozi zodya masamba zimenezi ndi ana a agulugufe, ena ouluka masana, ena ouluka usiku. Gulugufe amaikira dzira, dzira limaswa mbozi, mbozi imasanduka chikwa, ndipo m'chikwa mumatuluka gulugufe wina. Munthu aliyense angathe kuona zonsezi pakhomo pake, m'botolo, pasanathe miyezi iwiri, ndipo zimene angaone zili ndi phindu kumunda.

Mbozi yabwino kuyambira nayo ndi ya pa mtengo wa ndimu kapena wa lalanje. Mayi wake ndi gulugufe wamkulu wakuda wamawanga achikasu, amene akatswiri amamutcha Papilio demodocus. Iye amaikira dzira limodzilimodzi pa masamba anthete, ndipo limaswa pasanathe sabata. Kambozi kake kakakhala kakang'ono kamakhala kakuda ndi koyera, kofanana kwambiri ndi chitosi cha mbalame, mwakuti mbalame zimangokapitirira. Kamafundula khungu kangapo, ndipo pomaliza kamakhala mbozi yobiriwira, yosalala, yotalika masentimita 4 kapena kuposerapo pang'ono. Mukaikhudza imatulutsa kalilime ka mphanda kuseri kwa mutu, kamene kamanunkha moipa. Si mbola ayi, ndipo mbozi imeneyi siluma. Zimene ana ayenera kuzipewa ndi mbozi zaubweya monga chiyabwe.

Chofunika ndi botolo lalikulu la kukamwa kotakasuka, lotsukidwa bwino. Pansi pake yalani kapepala, ikanimo kamtengo kouma koimirira, ndipo kukamwa mangani ndi kansalu kopyapyala kuti mpweya uzilowa. Musadule neti yotetezera udzudzu kuti mutsekere botolo: maneti amenewa ali ndi mankhwala opha tizilombo, ndipo mbozi nayo ingafe. Botolo likhale pamthunzi, pamene nyerere sizifika.

Mbozi iyenera kupatsidwa masamba a mtengo umene munaipezapo, atsopano tsiku lililonse, ndiponso osapoperedwa mankhwala. Mbozi ya pa ndimu ingafe ndi njala ili pakati pa masamba a mango. Madzi safunika, chifukwa imawapeza m'masamba. Ndowe zake zizichotsedwa m'mawa uliwonse kuti musamere nkhungu.

Ikakula mokwanira, mbozi imaleka kudya. Apa ndi pamene ambiri amaganiza kuti yadwala n'kuitaya, chonsecho nthawi yake yakwana. Imataya zonse za m'mimba, n'kuyamba kuyendayenda m'botolo kufunafuna malo. Ikasankha kamtengo, imaluka kaulusi kochokera kukamwa kwake n'kumatirirapo kumchira. Kenako imaluka ulusi wina wozungulira thupi ngati lamba, n'kutsamira pa lambayo mutu uli m'mwamba. Imakhala chomwecho, itapindika pang'ono, tsiku lathunthu kapena kuposerapo.

Kusandulika kwenikweni kumangotenga mphindi zochepa, ndipo wosadikira amakuphonya. Khungu limang'ambika kuseri kwa mutu, mbozi imadzipotokola, khungulo limakwinyikira kumchira mpaka kugwa. Chotsala ndi chikwa chofewa chimene chimauma pang'onopang'ono, chobiriwira kapena chotuwa ngati khungwa la mtengo. Mbozi imeneyi simadzikulunga m'thumba la ulusi monga zimachitira zina. Chikwa chake ndi thupi lake lomwe. M'kati mwake mbali zambiri za thupi la mbozi zimasungunuka, ndipo timagulu ta maselo timene mbozi inali nato kale timakula kukhala mapiko, miyendo italiitali ndi maso.

Nyengo yotentha, gulugufe amatuluka pakapita masabata 2 kapena 3. Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi chikwa chingakhalitse kuposa pamenepo, choncho musafulumire kunena kuti chafa. Kutatsala tsiku limodzi, mawanga a mapiko amayamba kuonekera m'kati. Gulugufe amatuluka mapiko ali okwinyika, n'kulendewera kwinaku akupopera madzi a m'thupi mwake m'mitsempha ya mapikowo. Akasowa polendewera, kapena mwana akamugwira mapiko asanaume, amalumala ndipo sadzaulukanso. Pakapita maola awiri kapena atatu, tsegulani botolo panja.

Njira imeneyi si yachilendo. Mayi wina wa ku Germany, Maria Sibylla Merian, ankasunga mbozi m'nyumba n'kumajambula zimene zinkachitika, ndipo mu 1679 anatulutsa buku la zimene anaona, panthawi imene anthu ambiri ku Ulaya ankakhulupirira kuti tizilombo timabadwa kuchokera m'matope. Ku Kenya, anthu okhala pafupi ndi nkhalango ya Arabuko-Sokoke anayamba mu 1993 kuweta agulugufe pansi pa ntchito yotchedwa Kipepeo, n'kumagulitsa zikwa kumalo oonetsera agulugufe kumaiko akunja.

Koma kwa mlimi wa ku Katete, phindu lalikulu la botololi lili pa chimanga. Mbozi ya ntchemberezandonda ya mtundu watsopano, imene pa Chingerezi amaitcha fall armyworm, kwawo ndi ku America. Inaoneka koyamba kumadzulo kwa Africa kumayambiriro kwa 2016, ndipo pofika kumapeto kwa chaka chomwecho inali italowa m'minda ya m'Zambia. Mu Disembala 2016, yemwe anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, malemu a Edgar Lungu, analamula ndege za asilikali kuti zinyamule mankhwala kupita kumadera okhudzidwa. Kuchokera nthawi imeneyo mboziyi sinachokenso.

Imadziwika ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu, ndiponso timadontho 4 takuda toyalana ngati ngodya za bokosi chakumchira. Poisunga, pali zinthu ziwiri zosiyana ndi mbozi ya pa ndimu. Choyamba, botolo lililonse likhale ndi mbozi imodzi yokha, chifukwa zikuluzikulu zimadyana. N'chifukwa chakenso pamtima pa chimanga nthawi zambiri mumapeza imodzi kapena ziwiri zokha. Chachiwiri, pansi pa botolo pakhale dothi lonyowa pang'ono lozama ngati kutalika kwa chala, popeza mbozi imeneyi sisanduka chikwa pa kamtengo. Ikakhuta imatsika n'kudzikwirira.

Kukatentha, mazira ake amaswa pakapita masiku 2 kapena 3. Mbozi imadya kwa masabata pafupifupi 2, kenako imalowa m'nthaka mozama masentimita 2 mpaka 8, n'kusanduka chikwa chofiirira chonyezimira. Pakapita masiku 8 kapena 9 mumatuluka gulugufe wa usiku wotuwa, wosakongola, amene masana amabisala. Wamkazi amaikira mazira m'magulu a 100 mpaka 200, ndipo pa moyo wake angapitirire 1,000. Zonsezi zimatha m'mwezi umodzi, kutanthauza kuti munda umodzi ungaone mibadwo ingapo chimanga chisanakhwime.

Amene wasungapo mboziyi amaona yekha kuti masiku oyambirira imangopala tsamba, n'kusiya timawindo toonekera, ndipo kudya kwakukulu kumachitika masiku omaliza. Choncho masamba obooka kwambiri ndi ndowe zouma zonga utuchi kawirikawiri zimasonyeza kuti mwini wake ali pafupi kutsika, kapena watsika kale. Kupopera mankhwala panthawi imeneyo n'kutaya ndalama, chifukwa mbozi yaikulu imabisala m'kati mwa mtima wa chimanga, ndipo chikwa chimene chili m'nthaka mankhwalawo sachifikira. Nthawi yabwino ndi pamene mbozi zili zazing'ono. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi amalimbikitsa kuyendera munda kawirikawiri chimanga chikangomera, kuyang'ana masamba pansi ndi pamwamba, ndi kuphwanya mazira ndi timbozi ndi zala. Kupalira nako kumathandiza, popeza khasu limavundukula zikwa zina n'kuzisiya padzuwa, pamene mbalame ndi nyerere zimazipeza.

Nthawi zina botolo limaonetsa chinthu china chosayembekezereka. Mbozi imafooka, n'kufa isanasanduke, ndipo pambali pake pamaoneka kachikwa kakang'ono koyera. Mwinanso m'malo mwa gulugufe mumatuluka ntchentche yaubweya kapena kachilombo konga mavu. Ana amakhumudwa, koma mlimi ayenera kukondwera. Tizilombo timeneti timaikira mazira pa mbozi kapena m'thupi mwake, ndipo ana ake amaidya m'kati. Tikatuluka m'mabotolo angapo, ndiye kuti m'munda muli adani a mbozi amene akugwira ntchito popanda malipiro, ndipo kupopera mankhwala mwachisawawa kumapha iwonso. Mlimi amene wasunga mbozi 10 m'mabotolo 10 angawerenge yekha kuti ndi zingati zimene zinaphedwa motere.

Ntchito yonseyi ana a sukulu angaigwire, bola alembe tsiku limene mbozi inatoledwa, tsiku limene inaleka kudya ndi tsiku limene china chake chinatuluka. Gulugufe wa pa ndimu angamasulidwe, ngakhale kuti amene ali ndi mbande za malalanje ayenera kudziwa kuti mbozi zake zimatha kumaliza masamba a kamtengo kakang'ono, ndipo ndi bwino kuzitola ndi manja. Tizilombo todya mbozi tija tibwezedwe kumunda. Gulugufe wa ntchemberezandonda yekha asamasulidwe: aphedwe, kapena aperekedwe kwa mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu ali m'botolo lomwelo, pamodzi ndi masiku amene munalemba.