Kabokosi Kosungiramo Chimbale

M'nyumba zambiri muli kabati kapena katoni momwe mwaunjikana zimbale za CD ndi DVD: nyimbo za kwaya, kanema wa ukwati wa mwana woyamba, mwinanso zithunzi za agogo amene anatisiya kale. Chimbale cha woimba wotchuka chikaonongeka, nyimbo zake zimapezeka kwina. Koma cha ukwati chija kaŵirikaŵiri chimakhala chimodzi chokha, ndipo moyo wake wagona pa chinthu chimene ambirife sitichiŵerengera, ndicho kabokosi kake.

CD inayamba kugulitsidwa ku Japan m'chaka cha 1982, makampani a Philips ndi Sony atagwirizana za kapangidwe kake. Kabokosi koonekera m'kati kamene tonse timakadziŵa, kotchedwa jewel case, anakalinganiza ndi Peter Doodson, wogwira ntchito ku Philips. Nkotalika mamilimita 142, m'lifupi 125, ndipo kuchindikala kwake ndi 10. Kali ndi zigawo zitatu: chivundikiro chimene chimagwira kabuku ka mau a nyimbo, chakumbuyo, ndi kathireyi kogonapo chimbale.

Nzeru yonse ili pakati pa kathireyiko. Pamenepo pali timano tozungulira timene timaloŵa m'boo la chimbale ndi kuchigwira chili m'malere, kotero kuti mbali zake zonse ziŵiri sizikhudza kanthu. Ambiri timasamala mbali yonyezimira yokha, poganiza kuti nyimbo zili kumeneko. Zoona zake nzakuti pa CD timaenje tosunga nyimbo tili pafupi kwambiri ndi mbali yolembedwa dzina, pansi pa utoto wopyapyala. Mbali yonyezimira ndi pulasitiki wochindikala amene kuŵala kwa makina kumapyolamo poŵerenga. Ikakandika pang'ono, nthaŵi zambiri chimbale chimaimbabe. Koma mwana akakanda pamwamba ndi msomali, kapena inu atate mukalembapo dzina ndi bolopeni molimbitsa dzanja, nyimboyo yapita ndithu.

Pamenepa Doodson anachita bwino. Cholakwika ndi pulasitiki wake, wotchedwa polystyrene, amene ndi wooneka bwino ngati galasi komanso wosachedwa kusweka. Chivundikiro chimayendera pa timikono tiŵiri tating'ono, ndipo kabokosi kakangogwa pasimenti, kamodzi kamathyoka. Timano nato tikathyoka, chimbale chimayamba kugwedezeka m'katimo ndi kukandika ndi tizidutswa tomweto.

Si zikuto zonse zimene zinapangidwa pofuna kuteteza chimbale. Zina zinabadwa chifukwa cha malonda. Ku America eni masitolo anali ndi mashelefu opangidwira mbale zazikulu za galamafoni, ndiponso ankaopa kuti kanthu kakang'ono chotere akuba azingokaponya m'thumba. Motero kabokosi kaja ankakaika m'chikatoni chachitali, mainchesi 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, chotchedwa longbox. Ziŵiri zikaima pamodzi zinkadzaza malo a mbale imodzi yakale. Wogula ankangoching'amba ndi kuchitaya. Oimba ena ndi anthu osamala za chilengedwe anadandaula za zinyalalazo, mpaka makampani analeka kuzipanga mu 1993. Gulu la oimba la R.E.M. lidaona kuti pepala lonselo lisapite pachabe: mu 1991 linasindikiza kumbuyo kwa chikatoni cha chimbale chao kalata yoti achinyamata asaine, yopempha aphungu kuti kulembetsa mavoti kukhale kosavuta.

Ena anakonda Digipak, chikuto cha katoni chopindika ngati buku, chokhala ndi kathireyi komatidwa m'kati. Chimakongola, sichisweka chikagwa, koma m'mphepete mwake mumaperepeseka, ndipo timano tikathyoka simungasinthe kathireyiko monga muchitira ndi kabokosi wamba.

DVD itafika mu 1996, opanga anali ataphunzirapo kanthu. Bokosi lake lalitali, la masentimita 19, ndi la pulasitiki wofeŵa wotchedwa polypropylene, ndipo lonse ndi chinthu chimodzi chongopindika pamsana, chopanda timikono tothyoka. Pakati pali kabatani. Achinyamata inu, kabatani kameneka sikokongoletsa ai: DVD ndi zimbale ziŵiri zopyapyala zomatidwa pamodzi, kanema ali pakati pake, ndipo mukamaikoka m'mphepete osadina kabataniko, imapindika ndi kuyamba ming'alu paboo. Blu-ray ya 2006 inatsata njira yomweyi, bokosi lake nkungofupikirako ndi kukhala la buluu.

Kuno kwathu zimbale zambiri za makwaya ndi za maukwati zinafika m'manja mwathu zili m'kathumba ka pulasitiki kapena mu envulopu, pamodzi ndi kapepala ka chithunzi. Sitingawadzudzule ojambulawo, pakuti kabokosi kankakweza mtengo. Koma m'kathumba chimbale chimakhudza mbali zonse, ndipo kamchenga kamodzi kakaloŵamo kamakanda nthaŵi iliyonse mukachitulutsa ndi kuchibwezera. Kuonjezera apo, zimbale zoterezi zambiri nzojambulidwa pa kompyuta, zimene zimasunga mau m'mankhwala onga utoto, osapirira dzuŵa ndi kutentha. Chimbale chosiyidwa pawindo kapena kutsogolo kwa galimoto mwezi wa Okutobala chikhoza kuleka kuŵerengeka ngakhale chilibe chipsera.

Tsono amai ndi atate, sankhani zimbale zimene simungazipezenso kwina, muzichotse m'timatumba ndi kuziika m'mabokosi okhala ndi timano tamphumphu, ngakhale mutachita kulanda bokosi la filimu imene simuionanso. Muziimike chilili monga mabuku, m'kabati mouma ndi mozizira. Pogwira, chala chimodzi chikhale paboo, china m'mphepete. Popukuta, tengani kansalu kofeŵa ndi kuyambira pakati kunka kunja, osazungulira, chifukwa kukandika kotsata mzere wa nyimbo ndiko kumene makina amalephera kukulumpha. Ndipo popeza makompyuta ambiri atsopano alibenso poloŵetsa chimbale, mwana amene akudziŵa za kompyuta apeze ina yakale imene ikali napo, akope kanema wa ukwati uja pa fulashi, ndipo fulashi ina akaisunge kwa mbale wanu wa kumudzi kwina.