Mafuta a Ozone ndi Nkhama za Asilikali Atsopano

Mnyamata akalembedwa usilikali, miyezi yoyamba ya maphunziro imakhala yowawitsa. Amadzuka tambala asanalire, amathamanga atasenza katundu, ndipo pofika madzulo mswachi amauiwala m'chikwama. Kutopa, kusowa tulo, nkhawa ndi fodya zikaphatikizana ndi mano osatsuka, nkhama zimayamba kutupa ndi kuchucha magazi. Ambiri amati ndi chiseyeye chabe, nangolavula.

Matendawa akakula, nsonga za nkhama zimene zili pakati pa mano zimachita zilonda ndi kuyamba kuola. M'kamwa mumanunkha, kutafuna kumapweteka, ndipo ena amatentha thupi. Dokotala wa asilikali a ku France, Jean Hyacinthe Vincent, adafotokoza za tizilombo ta matendawa m'zaka za m'ma 1890. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 matendawa adavutitsa kwambiri asilikali amene ankakhala m'maenje obisalamo, kotero kuti pa Chingelezi adawatcha trench mouth. Nkhani yake si yaing'ono ayi, pakuti msilikali amene sakudya sangathe kuguba.

Pofuna mankhwala a matenda a nkhama, akatswiri ena akhala akuyesa mafuta a ozone. Ozone ndi mtundu wina wa mpweya wa okosijeni, ndipo ndiwo umabweretsa kafungo kaja kamene kamamveka mphezi ikang'anima. Umapha tizilombo msanga, koma sukhalitsa, ndiponso kuupuma kumawononga mapapo. Nchifukwa chake amaulowetsa m'mafuta a azitona kapena a mpendadzuwa, mpaka mafutawo atakhuthala. M'menemo mphamvu yake imasungika miyezi yambiri, makamaka botolo likakhala pamalo ozizira ndi pamthunzi. Ku Cuba amapanga mafuta otere kuchokera ku mpendadzuwa, otchedwa Oleozon.

Mafutawa amawapaka pang'ono m'mphepete mwa nkhama munthu atatsuka mano. Kafukufuku wina waonetsa kuti kutupa ndi kuchucha magazi kumachepa, mofanana ndi momwe amachitira mankhwala ochukuchira m'kamwa a chlorhexidine, amene vuto lake nkudetsa mano akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali. Komabe kafukufukuyu adachitika pa anthu ochepa ndi kwa masabata owerengeka. Umboni wotere ndi wosakwanira kuti mafutawa alowe m'malo mwa mankhwala odziwika kale, ngakhale ogulitsa amawatamanda ngati ochiza chilichonse.

Gwero la matendawa ndi litsiro lofewa lodzaza ndi tizilombo, limene limamatirira pamene dzino lakumana ndi nkhama. Likakhala masiku angapo osachotsedwa limauma ngati mwala. Mafuta sangalisungunule. Lofewalo limachoka ndi mswachi, kaya wogula m'sitolo kaya wa kamtengo, kawiri pa tsiku. Loumalo amalipala ndi zitsulo ndi dokotala wa mano. Nkhama zikamachucha magazi, ambiri amaleka kutsuka poopa kupweteka, pamene apo mpamene mswachi ukufunika kwambiri.

Koma msilikali amene nkhama zake zachita zilonda, m'kamwa mukununkha ndipo thupi latentha, asataye nthawi ndi mafuta. Apite kuchipatala cha pakampu tsiku lomwelo. Kumeneko amamtsuka m'kamwa nampatsa mankhwala onga metronidazole, ndipo ululu umayamba kuchepa pakapita tsiku limodzi kapena awiri.