Zilombo za Makoko ndi Zilombo za Pulasitiki

Lero tili ku Mtakataka, m'chigwa cha Dedza. Munthu woyenda mumsewu wa M5 akakhotera ku Mua amafika pa Kungoni, malo osemera ziboliboli amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Pomwepo, m'nyumba ya Chamare, muli zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana.

Acheŵa sanayambe lero kuona chilombo chokongola chikutuluka m'zinthu zotayidwa. Za kudambwe n'za eni ake, sitiziulula pawailesi. Koma aliyense amene anaima pabwalo anaona Kasiyamaliro atavala makoko a chimanga, otsala pokolola. Makokowo akatha ntchito amabwerera kunthaka osasiya vuto.

Pulasitiki ndiye wakana kuola. Mbuzi ikameza jumbo, jumboyo imatsekereza m'mimba, chiŵeto n'kuyamba kuonda mpaka kufa. Mvula ikagwa, mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza imakokolola mabotolo kunka nawo kunyanja. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, khoti lalikulu n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, komabe majumbo sanathe m'misika.

Tsono amisiri ena agwira njira ina. Ku Nairobi, a Ocean Sole amatola mapatapata otayidwa, n'kuwatsuka, kuwamata ndi kusema njovu ndi akadyamsonga. Ku Bandon, m'dziko la America, gulu la Washed Ashore linayamba mu 2010 kumanga nsomba ndi akamba aakulu kuposa munthu, kuchokera ku zinyalala zotola pagombe. Chosemacho sichichepetsa zinyalala kwenikweni. Mphamvu yake ili poti woonayo akayandikira amazindikira chivundikiro cha botolo ngati lomwe iye anataya dzulo.