Julaye wothinana ndi masiku okumbukira

Ku Ulaya ndi ku North America, Julaye amagwa pakatikati pa chilimwe, sukulu zitatsekera, dzuwa likulowa mochedwa. Canada amasangalala pa 1 Julaye, United States pa 4, France pa 14, tsiku lomwe khamu la ku Paris lidathyola ndende ya Bastille mu 1789. Ife pa 6 Julaye, pokumbukira ufulu wa 1964, timapita kubwalo titavala majuzi, chiperoni chikuwomba. Masiku otere palibe amawafunsa ntchito yake, poti ndi mbiri ya fuko, komanso tchuthi sichikanidwa. Nkhani ili pa masiku ena a mwezi womwewu amene adakhazikitsidwa ndi United Nations ndi nthambi zake: la chiwerengero cha anthu pa 11, la Mandela pa 18, la matenda otupa chiwindi pa 28.

Odandaula amati masiku amenewa ndi ongodyera ndalama, ndipo sakunama kwenikweni. Mwambo wake timaudziwa: zitenje zolembedwa uthenga, ana asukulu akuguba ndi zikwangwani, mlendo wolemekezeka wofika mochedwa, kenaka alawansi. Koma cholakwika ndi kachitidwe, chifukwa tsiku lopempha munthu chinthu chimodzi chooneka limagwira ntchito. La Mandela, lomwe United Nations idavomereza mu 2009, limapempha mphindi 67 zothandiza ena, mphindi imodzi pa chaka chilichonse chomwe mkuluyo adamenyera ufulu wa anthu. Ku South Africa anthu amapenta makalasi, ena kugawa mabulangete, poti kumeneko nako Julaye ndi wozizira. La 28 Julaye ndi tsiku lobadwa la Baruch Blumberg, yemwe adatulukira kachirombo ka hepatitis B nalandira mphotho ya Nobel mu 1976. Kachiromboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri munthu osamva kanthu, chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Wotere sangapite yekha kuchipatala, ndiye pamafunika tsiku loti wina amuuze kuti akayezetse magazi.

Ena anganene kuti mavuto ena sangatheke ndi tsiku limodzi, ndipo la 11 Julaye likuwachitira umboni. Lidachokera pa 11 Julaye 1987, pomwe anthu padziko lapansi adakwana 5 biliyoni. Mu 2022 adafika 8 biliyoni. Kalembera wa ku Malawi wa 1987 adapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni, wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Zoona, ndawala siingasinthe manambala amenewa. Komabe ndi tsiku lomwe mtolankhani ali ndi chifukwa chofunsa nduna ngati njira zakulera zikupezeka m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, ndiponso kuti makalasi atsopano amangidwa angati. Ndalama zosindikizira zitenje zitagula zipangizo zoyezera magazi, kapena mafuta a galimoto yopita ndi anamwino kumidzi tsiku lomwelo, odandaula aja angachepe.