Ku Lifuwu, ndalama ya mpunga ndi usipa imafuna kudikira

Ku Lifuwu, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima, ndalama imabwera pakamodzi. Mlimi wa kusikimu amaigwira akakolola mpunga cha m'ma May ndi June, msodzi amaigwira usiku umene usipa wagwa. Ogulitsa kaunjika, mafoni ndi mowa amazidziwa bwino nthawi zimenezi, ndipo safika mochedwa.

Vuto la ambiri ochita geni ya nsomba ndi kuyesa kuti ndalama yonse ya m'thumba ndi phindu. Mwachitsanzo, mayi amene wapikula usipa wa K150,000 n'kukagulitsa K200,000 ku Lilongwe sanapate K50,000 ayi. Achotsepo thiransipoti, chiphaso cha mumsika, chakudya ndi nsomba zonyenyeka. Akagula chitenje ndi nsapato asanawerengetse, ndiye kuti wadya mpamba. Mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira asodzi n'kumalephera kulowa m'madzi, kapena boma likatseka nyanja mu November, mayiyo amathera kwa akatapila.

Amene akhalitsa pa geni amapatula mpamba asanachoke pamsika. Ena amauika ku Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti usakhale pafupi ndi dzanja, ena amaponya masheya ku banki mkhonde, kumene ndalama imadikira tsiku logawana. Chinthu chimene maso akhumbira amachigonera kaye masiku awiri kapena atatu. Nthawi zambiri chilakolako chimakhala chitatha.

Komatu kusunga ndalama pansi pa mphasa nakonso n'kutaya. Mu November 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene ankasungira makoka kapena malata anapeza mitengo itawathawa. N'chifukwa chake kwa mlimi wa ku Lifuwu nkhokwe yabwino ndi thumba la Kilombero. Pokolola mavenda amagula motchipa poti aliyense akugulitsa, koma pofika December mpaka February mpunga umasowa ndipo mtengo umakwera. Wogulitsa matumba onse mu June kuti agule wailesi yaikulu amadzagula chimanga modula nthawi ya njala.

Wofuna kudikira agulitse matumba ochepa olipirira fizi ndi ngongole, otsalawo asunge osapuntha. Mpunga uume bwino, matumba asanjidwe pamitengo osati pansi, ndipo aziwayendera pafupipafupi kuopa makoswe ndi chinyezi.